Kuzonda nyama anzako ali pa uzimba: ndi ufulu kapena mwano?

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, minda ya ku Ntcheu imasintha eni. Alimi amapuma, osaka n'kuyamba yawo. Kuyambira mu Juni mpaka mvula yoyamba, anyamata ndi abambo amalawirira ndi makasu, zibonga ndi agalu, ena kulowera m'mapesi ndi m'matsala kukakumba mbewa, ena kutsikira m'madambo a m'chigwa cha Bwanje kukasaka akalulu, nkhwali ndi nkhanga. Wamwayi amabwerako ndi gwape paphewa. Amene amayenda pa msewu wa M1 nyengo imeneyi amaona mathero a ntchitoyo: mipani ya mbewa zowamba ikukwezedwa m'mwamba basi ikamadutsa.

Chimene wogula wa pazenera la basi sachiona ndi ntchito ya dzulo lake. Munthu sangofika m'tchire n'kuyamba kukumba. Amayamba wazonda. Amayenda m'mamawa mame asanakamuke, maso ali pansi, kuyang'ana mikwaso m'udzu, dothi latsopano pakhomo pa una, makoko a mtedza, ndowe za kalulu, pamene nkhanga zapalasa, mapazi a gwape pamatope a m'mbali mwa chitsime. Wodziwa amasiyanitsa una wa kapuku ndi wa phanya asanagwire khasu, amadziwa una umene mwalowa njoka, ndipo amayamba wafunafuna mbuli, chifukwa wokumba osatseka pothawira amangotaya thukuta. Kusaka kwenikweni kumachitika pamenepa. Khasu ndi chibonga zimangomaliza zimene maso anayamba.

Funso lathu lagona apa. Wozonda wafika padambo, wapeza anzake ali kale pa uzimba: agalu ali m'udzu, ena andanda m'mbali mwa khwawa, wina wagwada pa una. Iye sanadzere kupha kanthu lero, wadzera kuona pamene adzasake mawa. Kodi apitirize ulendo wake, kapena atembenuke? Kwa amene ndiwo amagula pamsika ndi nkhani yoseketsa, koma m'midzi imadanitsa anthu, ndipo ina imakathera pabwalo la a nyakwawa. Masiku ano yakula chifukwa mbewa zasanduka malonda. Kale mwana akalandidwa una ankataya ndiwo za usiku umodzi. Lero bambo akalandidwa mauna wataya sopo, mchere ndi makope a ana.

Amene amati apitirize amayambira pa mfundo yovuta kuigwetsa: tchire si la munthu. Dambo, phiri, malo amene mfumu sinagawire aliyense, zonsezi n'za mudzi wonse. Malamulo a boma akugwirizana nawo. Lamulo la malo la mu 2016 linaika malo a makolo amene sanagawidwe kwa munthu m'gulu la malo a anthu onse, ndipo mfumu imangowasunga m'malo mwa anthu ake. Lamulo la nyama zakutchire la mu 1992 limati nyama iliyonse imene ili kutchire ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa Amalawi onse. Ndiye munthu amene wangodzuka msanga kuposa anzake waitenga kuti mphamvu yotsekera ena njira? Kulawirira si kugula malo. "Ochimwene, dambo lino munalima ndinu?" Amafunsa motero anyamata akaopsezedwa, ndipo wofunsidwayo kawirikawiri amayankha ndi ukali chifukwa yankho lenileni alibe.

Amanenanso za kuchepa kwa tchire lenilenilo. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu. Akuluakulu amene anaona zaka za kumapeto kwa m'ma 1980, pamene othawa nkhondo a ku Mozambique anadzaza m'mbali mwa malire, amakumbukira mmene mitengo inathera. Anthuwo anabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992, koma tchire silinabwerere, minda ndiyo inalowa m'malo mwake. Kumtunda kwa Lizulu ndi Tsangano mbatatesi, kabichi ndi matimati zafika mpaka m'mphepete mwa mitsinje. Posakira patsala pang'onopang'ono, apa ndi apo, ndipo kadambo kalikonse kakuyang'anidwa ndi midzi ingapo. Wozonda akati adikire tsiku limene padambo palibe munthu, adzadikira mpaka mvula. Komanso nthawi yoonera mapazi ndi imodzi, m'mawa ng'ombe zisanapondeponde, ndipo ndi nthawi yomweyo imene osaka amakhala ali m'tchire. Sikuti amasankha dala kukumana nawo. Nanga amayi otola nkhuni, omweta udzu, abusa ndi ng'ombe zawo, onsewa sadutsa pomwepo? Ngati iwo sabwezedwa, uyu abwezedwe chifukwa chiyani, pamene iye ndi amene amayenda mosamala kuposa onsewo?

Koma mfundo ya mbali iyi imene imandigwira mtima ndi ya mphamvu. Mawu oti ulemu amakoma m'kamwa mwa amene ali ndi agalu ambiri. Gulu la abambo limene kusaka ndiyo ntchito yake lingathe kukhala padambo tsiku ndi tsiku. Mwana wa sukulu ali ndi Loweruka lokha, waganyu ali ndi kanthawi ka m'mawa asanapite kukaumba njerwa za eni. Mwambo woti wofika pambuyo abwerere, ukatsatidwa osaufunsa, umapereka dambo lonse kwa amphamvu chilimwe chathunthu. Ndipo ndani sadziwa kuti alipo akuluakulu amene amathamangitsa ana m'tchire, osati chifukwa anawo asokoneza kanthu, koma kuti asadziwe pamene pali mauna? Alipo aja omanga mfundo pa udzu kapena kuzika timitengo pa una uliwonse umene aona, mauna ochuluka kuposa amene angakumbe sabata yonse, kenako n'kupita ku masese. Akabwera mkuja n'kupeza mwana wakumbapo umodzi, mlandu. Kumeneku si kusunga mwambo, ndi umbombo. Kuona si kutenga, amatero a mbali iyi. Gwape amene waoneka pano lero mawa agona kwina, ndipo palibe mlenje amene anabadwa akudziwa mapazi, aliyense anaphunzira poona anzake. Amamaliza ndi mwambi uja woti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wosauka akachita manyazi ndi tchire, ana ake adyera mchere.

Tsopano timve amene amati abwerere. Iwo sakana kuti tchire n'la tonse. Chimene akukana n'choti wozonda akungoona. M'tchire mulibe kungoona. Munthu akamayenda amasiya fungo, amaswa mapesi, amadzidzimutsa timbalame timene timachenjeza china chilichonse. Osaka odziwa ntchito amayamba aona kumene mphepo ikuchokera, n'kuima moti fungo lawo lisapite kumene nyama yagona. Ena amabisala potulukira, ena amapirikitsa ndi agalu. Kukonza zimenezi kumadya nthawi, ndipo kawirikawiri kunayamba masiku apitawo, pamene iwonso anali ozonda. Ndiye patulukire munthu kumene kukuchokera mphepo, manja kumbuyo, akuimba likhweru. Gwape amadzuka n'kuthawira kumene kulibe munthu. Nkhanga zikauluka sizibweranso tsiku limenelo. Wozonda sanatenge kanthu, n'zoona, koma anzake abwerera chimanjamanja chifukwa cha iye. Kutaya ndiwo za mnzako ndi kuzidya, kwa mwini wake n'chimodzimodzi.

Otchera nawo ali ndi dandaulo lawo. Diwa, khwekhwe, kapena mtsuko wa madzi wokwiriridwa pansi n'kupakidwa gaga wokazinga m'milomo, zonsezi zimadalira mkwaso. Mkwaso ukapondedwa, kapena galu wachilendo akanunkhiza pamenepo n'kukodzerapo, mbewa zimasintha njira. Ndipo agalu a midzi iwiri akakumana pa fungo limodzi kusaka kumathera pomwepo. Chotsatira ndi kuleretsa ndewu ya agalu, kenako ya eni ake.

Pa za ngozi a mbali iyi salankhula moseka. M'tsekera wotalika kuposa munthu, chimene chagwedeza udzu sichidziwika. Chibonga chikachoka m'manja sichibwezedwa. Mkondo, muvi, mwala wa legeni, zonse zimapita kumene kwamveka tswatswa. Amene ali pa uzimba amadziwana malo: uyu ali kumanja kwanga, uyo ali kutsidya kwa khwawa. Wozonda sali m'chiwerengero chimenecho. Apa m'pamene amasiyana ndi mayi wotola nkhuni kapena mbusa. Iwo amamveka ali kutali, nkhwangwa ikulira, ng'ombe zikuswa tchire, ndipo osaka amawalambalala. Wozonda luso lake lonse ndi kuyenda osamveka, ndipo luso lomwelo ndi limene lingamuphetse. Akavulala mlandu umagwera woponya, amene sanadziwe n'komwe kuti m'udzumo muli munthu. Nanga tchire likayatsidwa mozungulira, monga amachitira ambiri mu Sepitembala ndi Okutobala, amene walowa mwakachetechete atulukira kuti?

Pali china chimene sachinena mokweza koma ndicho chimawawa. Ozonda ena sazonda nyama, amazonda anthu. Kuwerenga mapazi n'kovuta, kumafuna zaka; kutsatira kuuwa kwa agalu a eni n'kosavuta. Munthu amaima pachulu n'kuona pamene anzake agwada, pamene atchera, pamene kalulu wawapulumuka n'kulowa, basi wadziwa zonse zimene enawo anazipeza ndi thukuta la masiku ambiri. Usiku amabwera ndi tochi. M'mawa mwini misampha amapeza madiwa ogwa, pansi pake ubweya wokhawokha. Akafunsidwa yankho ndi lomwe lija: "Ine ndimangodutsa, obambo." Ngati ankangodutsa, khasu linali la chiyani? Anthu otere ndi amene achititsa kuti ngakhale wozonda woona mtima azilandiridwa ndi maso ofiira.

A mbali iyi amatchulanso za makolo, ndipo apa m'pofunika kudekha, chifukwa mwambo wakale sunena ndendende zimene iwo amafuna kuti unene. Uzimba wakale unali ndi mwini. Unkalengezedwa, tsiku linkadziwika, mfumu inkadziwa. Opitako ankadzisunga usiku wake, akazi otsala kumudzi nawonso n'kudzisunga, poopa kuti wina angavulale kapena nyama zingasowe. Munthu wotulukira mwadzidzidzi pakati pa uzimba ankakayikiridwa pa chifukwa chimenechi: ndani akudziwa kumene wagona? Panalinso malamulo a kagawidwe. Nyama inali ya amene wayamba kuilasa ngakhale igwe ndi mkondo wa wina, wothandiza ankalandira gawo lake, ndipo mwini dziko sankaiwalika. Pa njovu, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu ya dzikolo. Brian Morris, amene anakhala zaka zambiri m'Malawi akufufuza za anthu ndi nyama, analemba za uzimba ndi za mitundu ya mbewa m'buku lake la mu 1998, The Power of Animals. Koma taonani chimene mwambowu unkachita: sunkathamangitsa munthu. Uzimba unali wa mudzi, nthawi zina wa midzi ingapo, ndipo mwamuna wofuna ankalowa pamzere n'kudzalandira zake pogawana. Wakunja kwa mwambo anali uja wosafuna kulowa, wosafunanso kuchoka. Choncho abambo a lero amene amati "chokani, tafika kale ife" agwira theka la mwambo. Theka linalo linkati "bwerani, imani apa."

Mkangano uwu si wa ku Ntcheu kokha. Ophunzira zamalamulo ku America amakumana koyambirira ndi mlandu wa nkhandwe wa mu 1805, wotchedwa Pierson v. Post. Lodowick Post ankathamangitsa nkhandwe ndi agalu ake pamalo opanda mwini m'mbali mwa nyanja ku Long Island. Jesse Pierson, akuona bwinobwino kuti mnzake ali pa liwiro, anaipha n'kuinyamula. Khoti la ku New York linagamula kuti nkhandwe ndi ya Pierson: kuthamangitsa kokha sikupatsa munthu umwini mpaka ataigwira nyamayo kapena kuivulaza moti singapulumuke. Komabe chigamulo chomwecho chinavomera kuti zimene anachita Pierson zinali zopanda ulemu, ndipo woweruza mmodzi, Brockholst Livingston, anachitsutsa, nati nkhani yotere ikanayenera kuweruzidwa ndi alenje okhaokha. Ndikhulupirira kuti pabwalo la a nyakwawa kuno, ikanakhala nyama yodyedwa, Pierson akanauzidwa kuti apereke mwendo nkhani n'kutha dzuwa lisanapendeke. Lero ku America komweko, kumene boma lili ndi malo aakulu oti aliyense wa chiphaso asakeko, mkangano wafika pa makamera omangirira pamitengo, amene amazonda m'malo mwa munthu usana ndi usiku. Arizona inaletsa kugwiritsa ntchito makamerawa posaka kuyambira mu Januwale 2022, mwa zina chifukwa anachuluka pa malo omwera nyama, eni ake n'kumakangana komanso kuingitsa nyama pobwera kudzawaona. Zida n'zosiyana, koma dandaulo ndi lomwe la ku Bwanje: mnzanga ali ndi ufulu wokhala pano, koma kukhala kwake pano kwandionongera tsiku.

Ena anganene kuti boma lingoika lamulo nkhani ithe. Ine sindifulumira kuvomera. Anthu a ku Ntcheu ali ndi chifukwa chokayikira malamulo a tchire ochokera kumwamba. Alfred Sharpe, amene dzina lake latsala pa Sharpevale, anafika m'dziko muno mu 1887 ngati mlenje wa njovu ndi wogula minyanga, pambuyo pake n'kudzakhala bwanamkubwa. Boma limene iye ndi anzake anakhazikitsa ndi limene linabweretsa ziphaso za kusaka, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1920 malamulo ake anali ataletsa njira zambiri zimene eni dziko ankasakira. Mzungu wa mfuti anatchedwa mlenje, mwini mudzi wa ukonde ndi mbuna n'kutchedwa wakuba nyama. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani II, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe a atsamunda, ndipo anachotsedwa pampando chifukwa cha zimenezo. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe lonena kuti wozonda aime mayadi angati kuchokera pa wokumba mbewa lingangopatsa amphamvu ndodo ina. Komanso ndani angalilondere padambo lililonse?

Pali munthu wachitatu amene mbali zonse ziwiri zimamuiwala pokangana, ndipo kwa ine ndiye wolakwiridwa kwambiri: mwini munda. Zambiri zimene timazitcha tchire mu Julayi ndi minda ya anthu imene yangokololedwa. Mwambo umalola kuti chimanga chikachoka ng'ombe ndi mbuzi zidye mapesi, ana akumbe mbewa, anthu adutse. Koma chilolezo chimenecho chinali cha nthawi imene mapesi analibe ntchito ina. Lero alangizi akuphunzitsa ulimi wa mtayakhasu, mlimi amayala mapesi kuti asunge chinyezi ndi chonde, ndipo pansi pa mapesi oyalawo m'pamene mbewa zimakonda. Wozonda akaona amauza anzake, osaka akafika amayatsa. Mayi amene anayala mapesi masabata angapo amapeza phulusa, mizere yogumuka, ndi maenje amene ng'ombe ingathyokeremo mwendo. Moto sudziwa malire a munda. Umapitirira kukatentha udzu wofolera umene wina anali asanamwete, mitengo ya zipatso, nthawi zina nkhokwe ndi nyumba. Pamenepa wosaka ndi wozonda amakangana za ulemu ataima m'munda umene onse awiri sanaupemphe. Chimodzimodzi a m'mbali mwa msewu pakati pa Biriwiri ndi Lizulu, kumene kuwoloka tala ndi kulowa m'Mozambique: chilankhulo n'chimodzi, achibale ndi omwewo, koma tchire la kutsidyako lili ndi mafumu ake, ndipo mawu oti "n'la tonse" amathera pamsewu.

Makolo sankayatsa tchire mwachisawawa. Wansembe wofufuza za chikhalidwe, Matthew Schoffeleers, analemba mu 1971 za mmene kutentha tchire m'Malawi kunalili mwambo wokhala ndi nyengo yake ndi eni ake. Panali kupangana kaye, monga nkhanga zija zinapangana kusanapse. Chimene chatsala lero ndi machesi m'thumba la aliyense.

Ndipo alipo malo amene mkanganowu ulibe ntchito n'komwe. M'nkhalango za boma za Dzonzi ndi Mvai, zimene zinatetezedwa m'zaka za m'ma 1920, lamulo la nkhalango la mu 1997 limaletsa kusaka, kutchera ndi kuyatsa moto popanda chilolezo. Kumeneko wofika koyamba ndi wofika pambuyo onse ndi olakwa. Nkhalango ya Mvai ndi imene imasunga madzi a damu la Mpira, limene mipopi yake imafika mpaka ku Balaka. Damu limeneli litauma mu 2018, anthu ochuluka anabwerera ku zitsime ndi kumitsinje. Zifukwa zinali zingapo, makala, kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi kuchepa kwa mvula, koma moto wa chaka ndi chaka umene umapha mphukira uli m'gulu lomwelo. Tikumbukenso kuti chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, chilango chingafike zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Amene wakumana ndi ngaka pozonda, aisiye ipite.

Ndiye ine ndaima pati? A mbali yoyamba akunena zoona pa za malo, a mbali yachiwiri akunena zoona pa za ntchito. Dambo silikhala la munthu chifukwa walawirira, koma ntchito imene munthu waiyamba ndi yake mpaka aimalize. Zimenezi timazidziwa kale pa ngumbi. Chulu cha patchire n'cha onse, koma amene wachisesa, wachifolera n'kukumba kadzenje kake ndiye amatola usiku umenewo, ndipo palibe amene amadandaula kuti walandidwa ufulu. Nyengo ikatha chulucho chimabwerera kwa onse. Ndikuona kuti pa tsiku lenilenilo, uzimba uli m'kati, a mbali yachiwiri ndiwo apambana. Koma chipambano chawo n'cha tsiku limenelo lokha, sichigona.

Wozonda achite ziwiri: alankhule, ndipo atalikire. Vuto lake lalikulu si kupezeka padambo, koma kukhala chete. Akaona agalu kapena utsi, aime poonekera, kumene mphepo ikulowera, adikire mpata, apereke moni: "Wawa obambo, mwayambira mbali iti? Ine ndimati ndione kutsidyaku." Mawu ochepawa amachotsa ngozi, chifukwa tsopano akudziwika pamene ali, amachotsanso chikayiko, chifukwa wakuba sadzionetsa. Kenako apite kumene amulozera kapena kumene osakawo adutsa kale, galu wake ali pachingwe, osaponda mkwaso umene pali msampha, osaima pachulu n'kumawerenga mauna a anzake. Chimene waona m'misampha ya eni achisiye mmene wachipezera. Ngati dambo ndi laling'ono moti palibe mbali ina, asankhe: alowe nawo, kapena abwerenso madzulo. Kutaya m'mawa umodzi si kufera kuuna.

Osaka nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo popanda iyo zonsezi ndi kupondereza chabe. Munthu akapereka moni ayankhidwe ngati munthu, ngakhale akhale mwana wa kabudula wong'ambika. Auzidwe zoona za kumene uzimba ukulowera, osati kumunamiza kuti dambo lonse latsekedwa. Akafuna kulowa nawo alandiridwe, ndipo asaiwalike pogawana. Chizindikiro pa una chikhale cha usiku umodzi: wazika kamtengo madzulo, ukumbe m'mawa, dzuwa likalowanso usanafike, unawo wabwerera kwa onse. Amene wasaka dambo lero asalitsekenso mawa ndi mkuja. Ndipo onse awiri, asanalowe m'munda wa munthu ndi khasu, akaodire kwa mwini wake, akakumba akwirire, machesi asiye kunyumba.

Zimenezi sizifuna Nyumba ya Malamulo. Midzi yambiri ili kale ndi makomiti oona zachilengedwe, ili ndi mabwalo, ili ndi chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi kwa woyatsa moto. Chosowa ndi kukhala pansi nthawi ikadalipo. A nyakwawa ndi a gulupu a kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Ganya, kwa Makwangwala, kwa Mpando ndi madera ena onse, nkhani imeneyi muikambe mu Meyi chimanga chili m'mikukwe, osati mu Okutobala munthu atavulala kale. Muitane osaka, ana a sukulu ndi amayi eni minda, mugwirizane masiku a uzimba, malo osayatsa moto, ndi chilango cha woba m'misampha ya anzake.